Kutsuka matope a pachitsime cha oyilo ndi mabakiteriya, nazi zochita

Akamaboola chitsime cha mafuta amathiramo matope apadera oziziritsa choboolera komanso okweza timiyala tophwanyika kumtunda. Matope ena amasakaniza ndi dizilo, nde zotulukazo zimakhala zakuda bii, zonata, kungozitaya pamtetete udzu sumeranso.

Odya oyiloyu alimo kale m'dothi, mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, ngati Pseudomonas ndi Rhodococcus. Inu ntchito yanu ndi kungowasamala ngati mmene mumachitira ndi kompositi basi.

Yambani ndi kukayezetsa matopewo ku labotale. Oyilo akapitirira 5 peresenti amapha mabakiteriya omwewo, ndiye musakanize ndi dothi labwino, utuchi kapena mankhusu a mpunga kuti achepe mphamvu komanso mpweya uzilowa. Pansi yalani pepala lapulasitiki lokhuthala, mumange kamzere kuzungulira kuti mvula isakokolole zoipazo nkupita nazo kumtsinje. Kenako mwazani matopewo, kuchindikala kwake kusapitirire masentimita 30, pofika khasu la thirakitala.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: oyilo ali ndi kaboni wambiri koma nayitirojeni ndi fosifolasi mulibe, nde tizilomboti timakhala ngati munthu wopatsidwa nsima yopanda ndiwo. Thirani yuleya kapena manyowa a nkhuku, kuti pa magawo 100 aliwonse a kaboni m'matopemo pakhale pafupifupi magawo 10 a nayitirojeni ndi gawo limodzi la fosifolasi. Osakhuthula thumba lonse kuti zifulumire ayi, feteleza wambiri amawotcha. Madzi akhale oti mukafinya dothi m'manja likugwirana koma osadontha, pH (muyezo wa asidi m'dothi) ikhale pakati pa 6 ndi 8, ikatsika thirani laimu. Muzitembenuza sabata iliyonse kapena masabata awiri, chifukwa popanda mpweya ntchito imayenda pang'onopang'ono zedi. Zimatenga miyezi, kotentha zimachangamukako.

Mabakiteriya sadya mchere, sadyanso zitsulo ngati barium ndi mtovu. Fungo likatha musamati zatheka, yezetsaninso musanaganize zodzalapo kanthu, matope amchere kwambiri amafuna njira ina.

Kuya kwake nakonso muzikuona. Ku Ogoniland, ku Nigeria, lipoti la 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linapeza kuti kungotembenuza dothi lapamwamba nkuthira feteleza sikunathandize, chifukwa malo ena oyilo anali atalowa pansi kupitirira mamita 5, komwe khasu silifika. Zikatero muyenera kukumba dothi lonselo, kuliunjika pa pulasitiki, nkulowetsamo mapaipi opopera mpweya.