Kusankha DVD yoyenda nayo pa ulendo wa ku Nsanje

Mwafunsa kuti mugule DVD yanji yoonera m'minibasi kuchokera ku Nsanje kupita ku Blantyre.

Yambani ndi batire. Ulendowu ndi wautali, choncho sankhani yotha maola anayi isanazime, komanso yokhala ndi chingwe cha 12V chotchajira m'galimoto.

Kenako tengani chimbale chanu mukayesere m'sitolo momwemo. Chikamasewera, gwedezani makinawo pang'ono. Chithunzi chikadumpha, asiyeni, sangapirire mabampu ndi makhota a phiri la ku Thabwa. Funsaninso ngati ndi region free, kutanthauza yowerenga zimbale za chigawo (region) chilichonse cha dziko lapansi, chifukwa zimbale za ku Joni ndi region 2 pomwe Malawi ali mu region 5.

Pakhale polowetsa flash ndi mahedifoni.

Mukagula, musaisiye padzuwa ndithu. Kutentha kwa ku Nchalo mu Okutobala kumapha batire ndi kupinda zimbale. Muziisunga m'chikwama kuti fumbi lisalowe pa kagalasi kowerenga chimbale.