Momwe mungakonzere ulendo wapamwamba wa Blantyre, Majete, Zomba ndi Liwonde

Anthu ambiri akamva za ulendo wapamwamba wokaona nyama zakutchire, maganizo amathamangira ku Serengeti ku Tanzania kapena ku Kruger ku South Africa, ndipo amati zimenezo ndi za alendo akunja. Chonsecho kuno kummwera kwa Malawi tili ndi mapaki awiri, Majete ndi Liwonde, okhala ndi mikango, njovu ndi zipembere, komanso mizinda iwiri yakale ya Blantyre ndi Zomba, ndipo pakati pa malo amenewa palibe mtunda wokutayitsani tsiku lathunthu pamsewu. Langizo langa lalikulu ndi ili: ndalama zochuluka muziike kutchire, koma tauni muipatse masiku akeake, isakhale pongodutsira popita kubwalo la ndege.

Choyamba, sankhani mwezi musanasankhe loji

Nyama zimaoneka bwino kuyambira June mpaka October, udzu utauma, madambo ataphwa, nyama zikutsikira kumtsinje wa Shire kukamwa. Koma miyeziyi siyofanana. June ndi July kumazizira m'mawa, ndipo ku Blantyre ndi paphiri la Zomba mukhoza kukumana ndi chiperoni chobisa chilichonse. October ndiye mwezi wa nyama zambiri, koma ku Chikwawa kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Ngati muli ndi makolo okalamba kapena ana ang'ono, musaumirire. Ine ndimakonda August ndi chiyambi cha September, pomwe kutchire kwauma koma dzuwa lisanalume.

Nyengo yamvula, kuyambira December mpaka March, ili ndi ubwino wake: kumabiriwira, mbalame zimachuluka, nswala zimakhala ndi ana, ndipo mitengo ya malo ogona imatsika. Kuipa kwake misewu ina ya mkati mwa Liwonde imadzadza madzi, choncho funsani ngati loji imene mwaifuna ikhale yotsegula.

Chachiwiri, yalani njira

Ndondomeko yosatopetsa ndi ya masiku 9 kapena 10. Gonani Blantyre usiku uwiri, Majete utatu, Zomba umodzi kapena uwiri, ndipo mumalize ndi Liwonde usiku utatu. Amene muli ku Joni kapena ku Mangalande ndipo mukubwera ndi apabanja panu kudzaona kwanu, tsikirani pa Chileka, osati ku Lilongwe, chifukwa ulendo wonsewu uli mbali ya kuno. Pobwerera mukhoza kutulukira ku Lilongwe kudzera ku Balaka, Ntcheu ndi Dedza.

Musachepetse masiku a kutchire kufika usiku umodzi. Mukafika masana n'kunyamuka mawa lake, mwalipira ndalama zambiri pa maulendo awiri okha oyendera nyama, ndipo kambuku sabwera chifukwa choti inu muli pachangu.

Chachitatu, sungitsani malo, ndipo funsani mafunso musanatumize dipoziti

Apa ndi pamene ulendo umakoma kapena kuwonongeka. Maloji apamwamba a kutchire ndi ang'onoang'ono. Mkulumadzi ya ku Majete, ya kampani ya Robin Pope Safaris, ili ndi tinyumba 8 tokha. Ku Liwonde kuli Kuthengo Camp ya kampani yomweyo ndi Mvuu Lodge ya Central African Wilderness Safaris. Ngati mukufuna August kapena September, lankhulani nawo kukadali miyezi ingapo.

Mtengo umene amalemba nthawi zambiri ndi wa munthu mmodzi pa usiku umodzi, mu madola, awiri akugona chipinda chimodzi. Musachite nawo mantha msanga. Funsani kaye ngati ali ndi mtengo wa nzika kapena wa okhala m'dziko muno, chifukwa maloji ambiri amakhala nawo ngakhale sauika poyera, ndipo ndalama yolowera pageti la paki nayo imakhala yotsika kwa Mmalawi wokhala ndi chiphaso cha unzika. Kenako funsani chimene chili mkati mwa mtengowo: chakudya chonse, zakumwa, kuyendera nyama m'mawa ndi madzulo, ulendo wa paboti, kuchapa zovala, ndalama ya paki. Funsaninso kuti galimoto imodzi imanyamula alendo angati, ana amaloledwa kuyambira zaka zingati, ndipo mukasintha tsiku dipoziti imabwezedwa bwanji. Zonsezi akulembereni pa imelo, osati kungogwirizana pafoni.

Ngati thumba silikwanira zonse, chepetsani pa hotela ya m'tauni, osati pa loji ya kutchire. Bedi labwino mulipeza paliponse. Chimene mukulipira kutchire ndi gaidi wodziwa kuwerenga mapazi pamchenga, amene amamva anyani akukuwa n'kudziwa kuti kambuku ali pafupi, komanso galimoto yosadzaza imene ikhoza kuima theka la ola pa gulu limodzi la njovu popanda wina kudandaula.

Chachinayi, yambani ndi Blantyre, ndipo muyende pansi

Pogona pali Ryalls, imene ndi hotela yakale ya m'zaka za m'ma 1920, Amaryllis, kapena Sunbird Mount Soche. Tsiku lanu lathunthu muliyambe ku mishoni ya Blantyre, patchalitchi cha St Michael and All Angels. Mishoniyi inayamba mu 1876, ndipo dzina lake linachokera kumudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Tchalitchicho anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo omanga anali anthu a konkuno, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Imani pafupi ndi khoma muone: njerwa sizofanana, zina zokhota, zina zosongoka, iliyonse youmbidwira malo ake. Musangojambula patali n'kumapita.

Kuchoka apo pitani ku Mandala House, nyumba ya zipinda zosanja imene kampani ya zamalonda ya African Lakes inamanga mu 1882. Pansi pali malo ogulitsa zojambula ndi zosema komanso podyera pakhonde, pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi yokhala ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Madzulo kaoneni nyumba yosungira mbiri ya ku Chichiri, ndipo ngati miyendo ikadalipo lowani mumsika wa Blantyre kapena wa Limbe.

Wina angafunse kuti zakalezi zikukhudzana bwanji ndi mikango. Zikukhudzana kudzera mu Shire. Mu 1859 sitima ya Livingstone inalephera kupitirira mathithi a Kapichira, amene lero ali m'mphepete mwa Majete, ndipo katundu wa amishoni ndi amalonda ankatsitsidwa chakumunsi kwa mathithiwo n'kusenzedwa pamutu kukwera phiri mpaka ku Blantyre. Mukamatsika mawa lake mukhala mukudutsa mtunda umene atengatenga ankakwera ndi mitolo.

Chachisanu, tsikirani ku Majete

Kuchoka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 70, ola limodzi ndi theka kapena awiri. Msewu wa M1 wotsika phiri kupita ku Chikwawa uli ndi makona akuthwa ndiponso malole olemera, ndiye nyamukani m'mawa, mabuleki atayesedwa, thanki itadzaza. Masiku ena mafuta amavuta m'dziko muno. Ndi chifukwa chake ambiri amasankha kuti loji iwatumizire galimoto ndi dalaivala. Mukaoloka mlatho wa Kamuzu n'kufika pa Chikwawa boma, mumalowa msewu wopita kugeti. Ku Mkulumadzi galimoto imatsala tsidya lino, inu mumaoloka mtsinje wa Mkulumadzi pa kamlatho kolendewera kokhala ndi zogwirira mbali zonse.

Mbiri ya Majete muifunse kwa gaidi wanu, chifukwa ndiyo imapatsa ulemu chilichonse mungaone. Pofika m'ma 1990 njovu zinali zitatha ndi opha nyama mozemba, zipembere zinali zitapita kale. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa, amene ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 700. Zipembere zinabwerera chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, akakwiyo mu 2019, mimbulu mu 2021. Njovu zinaswana mpaka Majete ndi Liwonde pamodzi anapereka njovu pafupifupi 500 ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Mkango umene mudzauone utagona pansi pa mtengo si wongopezekapo. Pali alonda amene amayenda m'tchiremo usana ndi usiku kuti ukhalepo, ndipo gawo la ndalama mwalipira pageti limathandiza ntchito imeneyo.

Tsiku la kutchire limayamba kusanache. Amakudzutsani cha m'ma 5 koloko, khofi kapena tiyi, n'kukwera galimoto yotsegula m'mbali mpaka cha m'ma 10. Masana ndi kudya ndi kupuma, chifukwa nazo nyama zimabisala dzuwa. Cha m'ma 4 koloko mumanyamukanso, mumaima penapake kumwa chozizira dzuwa likulowa, ndipo pobwerera amayatsa tochi yaikulu kufunafuna afisi, akambuku ndi achanga. Musaphonye ulendo wa m'mawa chifukwa cha tulo. Ndiwo wabwino koposa.

M'galimoto khalani pansi, musaimirire pafupi ndi nyama, musaitane njovu ndi likhweru, foni ikhale chete. Usiku musayende nokha kuchoka podyera kupita kuchipinda. Dikirani mlonda akuperekezeni, chifukwa mvuu zimatuluka kudzadya msipu pakati pa tinyumba.

Chachisanu ndi chimodzi, kapumeni kuzizira kwa Zomba

Mukachoka ku Majete thupi limakhala litatopa ndi kutentha ndi kulawirira, ndipo apa ndi pamene mzinda wachiwiri umagwira ntchito yake. Amene muli ndi tsiku lapadera mukhoza kupatukira ku Thyolo, kugona ku Huntingdon House m'minda ya tiyi ya Satemwa. Ena pitirirani ku Zomba, ola limodzi ndi pang'ono kuchoka ku Blantyre.

Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba za nthawi imeneyo zikadalipo: nyumba yakale ya malamulo, nyumba ya Masongola ya mu 1886, ndi nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles pafupi ndi Cobbe Barracks. Zimenezi theka la tsiku likukwanirani. Gonani pamwamba pa phiri ku Sunbird Ku Chawe, ndipo m'mawa tengani mmodzi wa anyamata operekeza alendo akufikitseni ku Emperor's View, pamalo otchedwa polemekeza mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia amene anafikapo m'ma 1960. Kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. M'mbali mwa msewu wokwera phiri amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina. Gulani, ndipo musanenerere mpaka kumufinya wogulitsa.

Chachisanu ndi chiwiri, malizani ndi boti la ku Liwonde

Liwonde ndimaiika kumapeto dala. Majete ndi ya mapiri ndi tchire lothithikana, nyama mumachita kuzisaka. Liwonde ndi chigwa cha mitsanya, milambe ndi migwalangwa, ndipo mtsinje umakubweretserani nyama pamaso. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, African Parks inayamba kuiyendetsa mu 2015, n'kuchotsa misampha yawaya masauzande ambiri, kumanga mpanda wamagetsi, kubweretsa akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018 ndi zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka kuno kupita ku Kasungu.

Funsiranitu kolowera, chifukwa maloji ena amakutengerani paboti ndipo galimoto yanu imatsala tsidya lina. Pa maulendo onse a ku Liwonde, pemphani kuti awiri akhale a pamadzi, wina m'mawa wina madzulo. Woyendetsa wabwino amazimitsa injini n'kulola madzi akukokereni pafupi ndi gombe. Pamenepo mumamva njovu ikuzula bango ndi chitamba, kulimenyetsa pa bondo kuti matope achoke, n'kuliponya m'kamwa, kamwana kake katamira kutsala nsonga ya chitamba yokha. Ng'ona zili yasa pamchenga, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa, mvuu zikutulutsa makutu mbali zonse za boti. Manja asatuluke kunja kwa boti ngakhale pang'ono. Okonda mbalame auze gaidi tsiku loyamba lomwe, kuti akawafunire kadzidzi wogwira nsomba amene amabisala m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje.

Za m'chikwama ndi za potsanzika

Tengani zovala za mtundu wa khaki, zobiriwira mozimirira kapena zotuwa. Zakuda ndi zabuluu zimakopa akashembe. Juzi lokhuthala ndi lofunika pa ulendo wa m'mawa ndi ku Zomba. Chipewa, mafuta oteteza kudzuwa, opirikitsa udzudzu, ndi zoonera patali za munthu aliyense, chifukwa kulandirana chimodzi kumakuphonyetsani kakwiyo akadzuka. Chikwawa ndi Liwonde ndi madera a malungo: obwera kuchokera kunja, ngakhale munabadwira konkuno, onanani ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, makamaka chifukwa cha ana obadwira kunjako. Netiweki kutchire imadukaduka, ndiye auzeni akunyumba dzina la loji musanalowe geti.

Sungani makwacha a m'manja a tsiku lotsanzika. Gaidi mumampatsa yake padera, m'manja, ndipo ophika, ochapa, okonza zipinda ndi alonda amakhala ndi bokosi limodzi lomwe amagawana. Funsani bwana wa loji kuti lili pati ndiponso kuti alendo amaikamo zingati pa usiku umodzi. Ndalama imeneyi muiwerengeretu mu bajeti pamodzi ndi ya mafuta ndi ya pageti.