Kusankha kiyibodi ya mechanical yopanda waya pa ndalama zochepa

Yambani ndi maswichi, timakina tokhala pansi pa batani lililonse la kiyibodi ya mechanical, poti zala zanu zizikhala pamenepo tsiku lonse. Abuluu amasokosa, anzanu mu ofesi adzatopa nanu. Ofiira amangotsika myaa, abwino pa magemu. Ine ndimakonda abulauni: chala chimamva kuti batani lagwira, koma phokoso n'lochepa.

Musagule ya Bluetooth yokha ayi. Pa gemu imachedwerako kuyankha, ndiye funani yokhalanso ndi ka dongle ka 2.4GHz, kachipangizo kolowetsa pa USB ya kompyuta kuti ilumikizane ndi kiyibodi.

Ikakhala ya hot-swap musaisiye. Swichi ikafa mumangoizula n'kuikapo ina, osawotcherera. Magetsi a RGB, owala mitundumitundu pansi pa mabatani, amadya batire, masana muziwazimitsa. Ndipo ngati Excel ndiyo ntchito yanu, zing'onozing'ono zopanda mabatani a manambala kumanja zidzakuvutitsani.