Kudzutsa pawa sapulayi ya ampulifaya yakale

Ampulifaya ya m'ma 1980 ikayamba kung'ung'uza m'masipika voliyumu ili pa ziro, ambiri amathamangira kunena kuti thiransifoma yapsa. Kawirikawiri sikhala iyo. Thiransifoma ndi waya wa kopa wokulungidwa pachitsulo basi, sikalamba msanga. Zimene zimatopa m'pawa sapulayi (gawo lokonza magetsi a kukhoma kuti ampulifaya iwagwiritse ntchito) ndi makapasita, tizitini tosunga ndi kusefa magetsi, awiri akuluakulu oimirira pambali pake aja. M'kati mwake muli timadzi timene timauma ndi kutentha, ndipo tikauma magetsi amafika kumasipika osasefedwa bwino.

Zulani pulagi kaye, koma musaone ngati mwathana nawo moto. Makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Zogundanitsa miyendo yake ndi sikuludiraiva ine ndimadana nazo: moto umathetheka, mkuwa wa pabolodi n'kudyeka. Tengani rezisita ya 1k (ma ohm 1000) ya mawati 5, muigunditse pamiyendo iwiriyo kwa mphindi imodzi, kenako muyeze ndi mita mpaka muone kuti palibe kanthu. Ngati ili ampulifaya ya ma valve (machubu agalasi ooneka ngati mababu), m'kati mumakhala mavoti opitirira 300. Imeneyo si yophunzirirapo, apatseni amene anaizolowera.

Onaninso kumbuyo. Magetsi athu ndi 230V, pamene za ku Japan zimadya 100V, za ku America 120V. Zina zili ndi kaswichi kosinthira. Kakhale pa 230 kapena 240.

Mukatsegula, sesani fumbi ndi zitosi za mphemvu ndi kaburashi kouma, kenako jambulani ndi foni mbali zonse musanachotse waya ngakhale mmodzi. Yang'anani kapasita yotupa pamwamba, kapena yodontheza zoyera kunsi. Pali guluu wina amene ankamatira makapasita pabolodi. Akakalamba amada ngati shuga wopserera, amadya miyendo ya tizipangizo toyandikana naye, nthawi zina n'kumadutsitsa magetsi. Mupaleni yense.

Pogula makapasita atsopano, nambala ziwiri ndiye nkhani. Mavoti asatsike kuposa olembedwa pa akalewo. Mukafuna kutsimikiza, chulukitsani AC yotuluka m'thiransifoma ndi 1.4: ikatulutsa 25V, pakapasita pamafika pafupifupi 35V. Kuika ya 35V pamenepo n'kudziputira mavuto, poti magetsi amakwera osakuuzani. Ikani ya 50V. Nambala inayo ndi ya µF, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene kapasita ingasunge. Pamene panali 6800 mutha kuikapo 8200 kapena 10000, koma osachita kuwirikiza katatu pofuna besi yambiri, chifukwa poyatsa amakoka moto wochuluka nthawi imodzi, rekitifaya (madayodi osandutsa AC kukhala DC) ndi fyuzi n'kumavutika. Sankhani olembedwa 105°C. Achinyengo aliponso ambiri, olembedwa bwinobwino mayina ngati Nichicon kapena Rubycon. Ine ndimayamba ndaiika padzanja: chitini chachikulu koma chopepuka modabwitsa ndimachisiya pomwepo.

Pomatirira ndi pamene anthu amaphulitsira zinthu. Mzere wa pambali pa kapasita umasonyeza mwendo wa negetivi. Ampulifaya zambiri zili ndi mbali ziwiri, ya + ndi ya -, ndipo kapasita ya mbali ya - mwendo wake wa pozitivi ndi umene umapita ku graundi. Zimaoneka ngati zatembenuka koma ndi momwemo. Chithunzi cha pafoni chija chikuthandizani apa.

Madayodi a rekitifaya ayezeni makapasita ali ochotsa: mita ili poyezera dayodi, mbali imodzi iwerenge pakati pa 0.5V ndi 0.7V, mbali inayo isawerenge kanthu. Fyuzi ikhale ya nambala yomweyo, ndipo ngati yakaleyo ili ndi chilembo T, yatsopanonso ikhale ya T. Zomanga kawaya kapena pepala la siliva la m'paketi ya ndudu ayi.

Tsopano musalumikize kukhoma mwachindunji. Pezani babu lakale la kawaya m'kati, la mawati 60 kapena 100 (akusowa masiku ano, mukalipeza sungani, la LED siligwira ntchitoyi). Lilumikizeni pawaya wa moto kuti magetsi azidutsa m'babu asanafike ku ampulifaya. Masipika akhale ochotsa. Mukayatsa, babu liwale kamphindi kenako lizilale mpaka kutsala kofiira pang'ono. Apo zili bwino. Likangowala osazilala, penapake pali shoti. Zimitsani, babulo lakupulumutsirani thiransifoma.

Likazilala, yezani mbali ziwiri zija. Zifanane, mwachitsanzo +35 ndi -35, kusiyana kwake kukhale kochepa. Yezaninso DC potulukira masipika. Iyenera kukhala pafupi ndi ziro, timamilivoti chabe. Mukapeza voti yathunthu, vuto lili kwina, osalumikiza sipika. Zonse zikakhala bwino, chotsani babu, yesani ndi sipika yotchipa kwa ola limodzi, mukumagwira kunja kwa bokosi kuti mumve kutentha. Ikakhala chete payokha koma n'kuyamba kung'ung'uza mukalumikiza mikisa kapena kiyibodi, pawa sapulayi ilibe mlandu, fufuzani makebulo ndi waya wa earth.