Kasewereni ka Free Fire ndi PUBG kosakubanitsani komanso kosakudanitsani ndi skwadi

Malamulo a gemu zowomberana za pa intaneti, monga Free Fire ndi PUBG, ali pawiri. Ena analemba eni gemu, monga Garena ya Free Fire, ndipo mukawaswa akaunti imatsekedwa. Ena sanalembedwe paliponse, koma mukawaphwanya, anzanu a pa Ntcheu boma amangokuchotsani m'gulu la WhatsApp mwakachetechete, mawa lake n'kumva kuti skwadi (timu yosewerera limodzi) yakwana.

Olembedwawo savuta. Musaike hack (pulogalamu yobera gemu) kapena APK (fayilo yoikira gemu m'foni) yosinthidwa, ngakhale wina akulonjezeni kuti yakeyo sigwidwa. PUBG Mobile imatha kutseka akaunti kwa zaka 10. Musapangane ndi mdani pa Solo, pomwe aliyense amasewera payekha. Akaunti yogula nayonso ndi yoletsedwa, komanso wogulitsayo amatha kuilanda kudzera pa Facebook kapena Gmail yomwe anailumikizako. Kupha wa timu yanu pa PUBG kumatsitsa Merit (mapointi a khalidwe labwino), ndipo ikafika pansi pa 60 mumasewera nokha mpaka itakweranso.

Mikangano yeniyeni ili pa mwambo. Katundu wa mdani ndi wa amene wamupha: iye asankhe kaye, inu mutole zotsala. Mukapeza sikopu (galasi lolozera patali la pa mfuti) kapena zipolopolo za mfuti yomwe mulibe, ikani chizindikiro kuti mnzanu atenge. Mnzanu akagwa, siyani kutoleza katundu, komanso musamuthamangire chimbulimbuli poti amene wamugwetsayo akudikira inu. Yambani mwaponya utsi pa PUBG, kapena gloo wall (khoma lodzitchingira) pa Free Fire, kenako mumudzutse. Pa PUBG kudzutsa kumatenga masekondi 10, nthawi yokwanira kuti mufe nonse awiri ngati muli poyera.

Za maiki anthu amazipeputsa, chonsecho ndi zomwe zimaphetsa timu. Ngati muli mu babashopu kapena mu minibasi ya ku Balaka, zimitsani maiki, chifukwa phokoso lanu limabisa mapazi a adani. Polankhula musachuluke gaga m'diwa. Nenani nambala ya pa kampasi ndi malo basi: "awiri, 240, kuseri kwa mwala."

Musanalowe Ranked (gemu yolimbirana mapointi), onani zinthu zitatu: bandulo, batire ndi ping (nambala yoonetsa kuchedwa kwa netiweki). Gemu ya PUBG imatha kufika mphindi 30, ndiye batire ikhale yoposa theka ngati magetsi azima. Ping ikamadutsa 200, pitani kosewera wamba, musakatayitse anzanu mapointi. Inu a ku Lizulu ndi Tsangano, sankhani netiweki pamanja m'foni, chifukwa m'malire imatha kudumphira ya ku Mozambique gemu ili mkati. Makina a gemu sadziwa kuti ndi netiweki. Amangolemba kuti mwathawa. Mukabwerera, pepesani m'gulu.

Custom room (gemu yomwe mumadzikonzera nokha ndi anzanu) ndiye pamafunika kupangana gemu isanayambe. Lembani m'gulu ngati mabomba aloledwa, ngati kuswa gloo wall ya mdani kuli bwino, maraundi angati, amene apereke room card (khadi yotsegulira room), ndi chochita wina akaduka netiweki. Malamulo a eni gemu saletsa bomba, choncho kudina Report pa munthu waswa pangano lanu n'kutaya nthawi. Batani limenelo ndi la ma hack, kutukwana ndi kupha a timu yako. Woswa pangano mumamuchenjeza kamodzi, akabwereza mwini room amutulutse pa gemu yotsatira.