Kuyeza retina ndi mtsempha wa diso ndi tochi

Ng'ala ikakhwima, dokotala sangathe kuona kuseri kwa diso. Komabe asanauze wodwala kuti opaleshoni idzamuthandiza, ayenera kudziwa ngati retina, kachikopa ka kuseri kwa diso kamene kamalandira kuwala, ikugwira ntchito pamodzi ndi mtsempha wotumiza uthenga ku ubongo. Yankho limaoneka pa mwanadiso, ndipo chofunika ndi tochi yowala bwino basi. Njirayi anaifotokoza dokotala wa maso Paul Levatin mu 1959, ndipo chilema chimene imaulula chimalembedwa mwachidule kuti RAPD, kutanthauza kuti diso lina likutumiza uthenga wa kuwala wofooka kuposa linzake.

Kuwala kukalowa m'diso limodzi, ubongo umalamula maso onse awiri mofanana, choncho mwanadiso amachepa uku ndi uku. Ngati retina kapena mtsempha wa diso lina wawonongeka, uthenga wochokera kumeneko umafika wofooka, ubongo n'kumaganiza kuti kwada. Chimene mukuyerekeza ndi mphamvu ya uthenga wa maso awiriwo.

Yezani musanadonthezere mankhwala alionse okulitsa mwanadiso monga tropicamide kapena atropine. Chepetsani kuwala m'chipinda kuti mwanadiso akule: mumdima amafika mamilimita 4 mpaka 8, pomwe powala amakhala 2 mpaka 4. Wodwala ayang'ane chinthu chakutali, monga chilembo pakhoma, ndipo inu muime chambali. Akayang'ana tochi kapena nkhope yanu, mwanadiso amachepa chifukwa choyang'ana pafupi, zotsatira n'kusokonekera.

Yambani ndi kuwalitsa diso lililonse palokha kuti muone ngati mwanadiso akuyenda. Kenako gwirani tochi chapansi pang'ono pa diso lamanja, muwerenge masekondi 2 kapena 3, muilumphitse msanga pamwamba pa mphuno kupita kumanzere, muwerengenso chimodzimodzi, mubwerere. Bwerezani kanayi kapena kasanu. Maso anu akhale pa diso limene kuwala kwangofikapo, ndipo chimene mukufuna ndi kuyenda koyamba. Diso labwino, mwanadiso amachepa pang'ono kapena kukhala momwe analili. Diso lodwala, mwanadiso amakula ngakhale tochi ili pomwepo. Chilema chikakhala chaching'ono, amayamba wachepa mofooka kenako n'kukula msanga kuposa mnzake.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mukachedwa pa diso limodzi, retina yake imazolowera kuwala n'kuyamba kuyankha mofooka, ndipo mumadzipangira nokha chilema chimene palibe. Zimachitikanso tochi ikayandikira diso lina kuposa linzake, kapena ikalunjika bwino kumodzi koma kwinako n'kuwalira chambali. Nthawi, mtunda ndi kapendekedwe zikhale zofanana. Mukalumphitsa tochi mwaulesi, maso onse amakhala kaye mumdima, mwanadiso n'kukula, ndiye kuwala kukafika aliyense amachepa ndipo kusiyanako kumabisika. Tochi ya mabatire ofooka imabisanso chilema. Palinso kugwedezeka kwachibadwa kotchedwa hippus, pamene mwanadiso amangochepa ndi kukula pang'onopang'ono pa kuwala kosasintha. Amenewo si matenda, n'chifukwa chake timadalira kuyenda koyamba ndi kubwereza.

M'maso akuda, monga a ambiri mwa ife, malire a mwanadiso savuta kusowa mumdima. Mnzanu agwire tochi yachiwiri yofooka m'munsi mwa chibwano, yowalira maso onse awiri mofanana kuchokera pansi.

Nanga ngati mwanadiso wa diso lina sakuyenda chifukwa cha mankhwala, kuvulala kapena kumatirira? Mmodzi woyenda ndi wokwanira. Lumphitsani tochi monga kale, koma muziyang'ana woyendayo nthawi zonse. Akakula pamene kuwala kuli pa diso linalo, vuto lili m'diso linalo.

Kumene kuli magalasi ochepetsa kuwala, chilemachi chimapimidwa ndi manambala. Ikani galasi patsogolo pa diso labwino, kuyambira la 0.3 log limene limadula kuwala ndi theka, kenako la 0.6 losiya gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwalako, 0.9, 1.2, mpaka maso onse ayankhe mofanana. Lembani nambalayo ndi diso lake kuti paulendo wotsatira pakhale choyerekezera. Zipatala zofufuza zili ndi makamera opima mwanadiso ndi kuwala kofiira ndi kwa buluu, kosiyanitsa magulu a maselo a retina, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku tochi ikwanira.

Pomasulira zotsatira, kumbukirani kuti ng'ala payokha siibweretsa RAPD m'diso mwake, ngakhale itayera bwanji, ndipo vuto lofuna magalasi silibweretsanso. Mukaipeza, funani china kuseri: glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso, kawirikawiri chifukwa cha kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso) yodya diso limodzi kwambiri, retina yomatuka mbali yaikulu, mitsempha ya magazi ya retina yotsekeka, kutupa kapena kupanikizika kwa mtsempha wa diso. Wodwalayo auzidwe zoona opaleshoni isanachitike, kuti ng'ala ikhoza kuchoka koma kuona osabwerera konse.

Kusapeza chilema sikutanthauza kuti maso ali bwino. Onse awiri akawonongeka mofanana, palibe kusiyana koti muone, choncho muyezenso kuona kwa diso lililonse ndi mphamvu ya madzi a m'diso. Munthu amene wasiya kuona mwadzidzidzi ndipo ali ndi RAPD atumizidwe kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo.