Poyambira pa Meya watsopano wa Lilongwe

Meya amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo mpandowo amaukhala zaka ziwiri ndi theka basi. Kusinthaku kukachitika pakati pa nthawi ya khonsolo, amene watula udindo sapita kutali: amakhalabe khansala wa dera lake, ndipo pamsonkhano wa khonsolo yonse amavota nawo. Inu Meya watsopano mudzafuna voti yake pa bajeti, choncho mmene mwamuthokozera pa tsiku loyamba ndi nkhani yaikulu.

Pomuthokoza, mutchuleni ndi ulemu wake, "a Meya opuma", kenaka nenani ntchito ziwiri kapena zitatu zimene anagwira, ndi malo ake enieni. Mawu oti "anagwira ntchito yotamandika" aliyense amawadziwa kuti ndi a mwambo chabe. Tchulaninso ntchito imodzi imene waisiyira panjira, mulonjeze kuimaliza. Musalengeze pamwambo wolandira udindo kuti msewu kapena msika utchedwa dzina lake khonsolo isanavomereze. Ikadzakana, manyazi amagwira nonse awiri.

Sabata yoyamba, pemphani kwa mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo mndandanda wa makontrakiti amene ali mkati, ngongole za khonsolo, ndiponso mayina a amene sanalipire misonkho ya malo ndi nyumba. Za magalimoto a zinyalala musadalire pepala. Pitani mukawerenge nokha amene akulira injini ndi kukafika kumtaya ku Area 38, chifukwa ngakhale galimoto yokhala pamiyala, yopanda matayala, m'buku imawerengedwabe.

Chaka cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo. Mukalowa pakati pa chaka, bajeti mwaipeza yodutsa kale, ndiye zatsopano zodula zidikire.

Chosadikira ndi ngalande. Zikhale zitatsukidwa mvula isanayambe mu Novembala, kuyambira kumunsi kumene madzi amatulukira kupita kumtunda; mukayamba kumtunda, madzi amathamanga n'kukaunjikana pamene patsekeka. Mchenga ndi mapulasitiki ovuulidwa achotsedwe tsiku lomwelo. Akasiyidwa milumilu m'mphepete, mvula yoyamba imawabwezera momwemo, ndalama n'kupita pachabe. Yambirani madera amene madzi amasefukira, monga ku Mtandire m'mbali mwa Lingadzi, ndi m'misika momwe kolera amayambira msanga.

Polankhula ndi anthu, siyanitsani zanu ndi za eni ake: msewu wa M1 ndi wa Roads Authority, madzi a m'mipopi ndi a Lilongwe Water Board. Kumeneko lonjezani kukawakumbutsa, osati kukonza.